Mbale Yanga ndi Mbale Yake

Zonse zinayamba ndi makwerero. Ndinakwera padenga la nyumba yanga kukamata podontha, mphepo n'kugwetsa makwererowo. Ndinakhala pamwambapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, malata akundiwotcha m'matako, kufikira mayi woyandikana nane anatuluka kudzanula zovala n'kundiona. Kundiimikira makwerero anandiimikira. Koma anayamba waimbira foni mwana wanga. Anthu ndi otero, thandizo lawo limabwera ndi mchira.

Ine ndakhoma madenga kuyambira ndili mnyamata. Sukulu ndinalekeza panjira, koma nyumba zambiri za anthu ophunzira zimene sizidontha lero zinadutsa m'manja mwangamu. Yangayo ndinamanga ndekha, chipinda chimodzichimodzi, mkazi wanga akundipatsira misomali. Iye anatsogola, ine ndinatsala ndi nyumba. Si yaikulu, koma chitseko chake ndinkatsegula ndi kutseka nthawi imene ndafuna.

Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi, amagwira ntchito muofesi ya magalasi okhaokha. Anabwera Loweruka ndi mwamuna wake.

"Bambo, kuno simungakhalenso nokha," anatero asanakhale n'komwe pansi.

"Ndakhala ndekha chimwalirire mayi ako. Chasintha n'chiyani?"

"Mukanagwa padenga paja?"

"Sindinagwe ine. Anagwa ndi makwerero. Tengani makwererowo mukawasunge kwanuko."

Mkamwini anaseka, kuseka kwake kuja kosaonetsa mano. "Apongozi, chipinda tinakonza kale. Chili ndi bafa lakelake."

Chipindacho ndinkachidziwa. Chili kuseri kwa khitchini, zenera lake limayang'ana khoma la mpanda ndi thanki ya madzi. Kale ankasungiramo matayala akutha. Nyumba yangayo ati aikemo anthu a lendi.

Tsikulo mkamwini ankayenda ndi ndodo yachipatala. Anabinya bondo posewera mpira ndi anzake a mimba zikuluzikulu. Ndinamva akudandaula kuti iye ndi mkazi wake analipira kale ulendo wokwera phiri lalitali lija, lomwe anthu amayenda masiku angapo kuti afike pansonga, ndipo tsopano malo ake apita pachabe.

"Munthu wothyoka pa udzu wosalala ndi amene akuti ine ndakalamba?" ndinatero.

"Ndiye kakwereni inuyo, apongozi."

"Ndikakwera."

"Bambo, limenelo si denga," anatero mwana wanga.

"Tamvera. Ndikakafika pansonga, nkhani ya nyumba ithere pomwepo, usadzaitchulenso. Ndikakalephera, mudzanditenge ngati mbuzi, mukandimangirire kuseri kwa khitchini kwanuko."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso ake ndi a mayi ake, sathawa munthu. "Mwanena nokha."

"Ndanena ndekha. Ndipo ine sinditola malovu amene ndalavula."

Ananditengera kwa dokotala akuganiza kuti andikaniza. Dokotala anamvetsera pachifuwa, n'kunena kuti mtima wanga ndi wabwino kuposa wa mkamwini. Mawu amenewo ndinawabwereza m'galimoto njira yonse.

Kuchipata cha phiri tinapeza anthu ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Alendo tinali atatu: ine, mwana wanga, ndi bwana wina wonenepa amene ankajambula chilichonse ndi foni, ngakhale chimbudzi. Otiperekeza anali khamu: onyamula katundu, wophika, ndi otsogolera awiri, wina patsogolo wina kumbuyo. Wamkulu wa onsewo anali wapatsogoloyo, bambo wowonda wa ndevu zochepa, wolankhula mofatsa ngati namwino. Ine munthu wolankhula mofatsa ndimamuopa kuposa waukali.

Anatiimika pamzere ngati ana a sukulu.

"Malamulo ndi ochepa," anatero. "Palibe wondipitirira. Madzi muzimwa ngakhale mulibe ludzu. Ndipo mlendo sayenda wopanda wotsogolera, kaya pokwera kaya potsika. Amene ndamuuza kuti atsike, amatsika. Pamwambapo mpweya ndi wochepa, suona nkhope."

Polankhula za kutsika anayang'ana ine. Kenako ndinaona mwana wanga akumutengera pambali, akunong'onezana, mwana wanga akuloza kumene ndinaima. Pomwepo ndinadziwa kuti agwirizana. Mkamwini ali ndi dzanja lalitali, limafika ngakhale kuphiri.

Tinayamba kukwera m'nkhalango yonyowa, mitengo ikudontha ngati denga lokhomedwa ndi mlamu. Kayendedwe kake kanali kochititsa manyazi, kuponda apa, kupuma, kuponda apo, ngati tikuperekeza maliro. Ndikafunsa kuti msasa uli kuti, wotsogolerayo ankati, "Pafupi, madala." Tikayenda mpaka miyendo kuuma, ndikafunsanso, "Pafupi, madala." Ndinamupatsa dzina lomwelo. Anzake atamva anaseka, nawonso n'kuyamba kumuitana Pafupi.

"Iwe Pafupi, mkazi wako unamufunsira ndi bodza lomweli?"

"Ndinamuuza kuti chuma chili pafupi, madala. Mpaka lero tikuyendabe."

Ndinaseka, koma ndinadzigwira msanga. Nyama imene ikuseka ndi msaki imathera pamoto.

Madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe, Pafupi ankabwera ndi kachipangizo kopana chala, kamene kamaonetsa manambala a mpweya m'magazi. Ankafunsa mafunso omwewo: mutu ukupweteka, mseru ulipo, chizungulire. Ine ndinkayankha kuti ayi asanamalize funso. Koma kachipangizoko si kamene kanali msampha weniweni. Msampha ndinaupeza mwangozi.

Tinali titatuluka m'nkhalango, tafika kumene mitengo imafupika n'kusanduka zitsamba zouma. Titadya ndinazungulira kuseri kwa tenti ya wophika kukataya madzi. Ndinamva mawu a Pafupi mkatimo.

"Mbale zabwera bwanji?"

"Mayi amaliza," anatero wophika. "Bwana wonenepa wangokhudza supu yokha. Madala asiya mpunga pafupifupi theka."

"Uziwayang'ana madalawo. Pakamwa pa munthu pamanama, kachipangizo kamanama chala chikazizira. Mbale sinama. Phiri likayamba kumudya munthu, munthuyo amasiya kudya."

Ndinaima pamenepo mpaka kuiwala chimene ndinapitira. Mpunga uja ndinausiya chifukwa unali wosapsa, basi. Koma ndani akanandimvera? Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira kuti mbale yanga izibwerera kukhitchini yoyera ngati yanyambitidwa ndi galu.

M'mawa mwake bwana wonenepa anadzuka nkhope itatupa, akuyenda ngati woledzera. Phala lake linabwerera losakhudza. Anachonderera, anatchula maudindo ake, anati akamuneneza Pafupi kwa eni kampani. Pafupi anangomvetsera akumanga chingwe cha chikwama. Dzuwa lisanakwere bwanayo anali akutsika, wotsogolera wakumbuyo atamugwira mkono. Tinatsala alendo awiri ndi wotsogolera mmodzi.

Ndinaona ndi maso anga mmene mbale imachotsera munthu paphiri.

Tsiku lomwelo, tikudya masana m'tenti yodyera, wophika atangotuluka, mwana wanga anapendeketsa mbale yake n'kukankhira mbatata ndi nyama mumbale yanga.

"Idyani inu, bambo. Mukufunika mphamvu."

Ndinamuyang'ana. Iye ankayang'ana supuni yake. Mumtima ndinati, ndakugwira. Pafupi wakuuza za mbale. Ukufuna undidzazire chakudya kuti ndilephere kumaliza, wophika akanene kuti madala asiya, mawa ndiyambe kutsika ngati bwana uja.

"Zikomo, mama," ndinatero. Ndinadya zonse, zanga ndi zake, mpaka kupukuta msuzi ndi buledi.

Madzulo anachitanso chimodzimodzi. M'mawa anandipatsa mazira ake ndi theka la phala. Ndinadya. Mimba inkauma ngati ng'oma, lamba ndinamasula, nthawi zina chakudya chinkabwerera kukhosi ine n'kuchimezanso. Koma mbale ziwiri zinkatuluka m'tentimo zoyera. Ndinkamuyang'ana mwana wanga ndi diso la kupambana, iye n'kumwetulira pang'ono.

Tinapitirira kukwera. Zitsamba zinatha, panatsala miyala yokhayokha ndi fumbi lotuwa. Kunalibe mbalame, kunalibe ntchentche. Usayerekeze kuti phiri ndi malo otakasuka. Malo ndi aakulu, inde, koma iwe gawo lako ndi kanjira kopapatiza ndi zidendene za munthu amene ali patsogolo pako. Kudzuka akuuza, kumwa madzi akuuza, kukhala pansi akuuza. Ukapatuka kukadzithandiza, wina akuwerengera nthawi. Chifuwa chimakhala ngati wina wachimanga ndi waya. Ndinayamba kuganiza kuti chipinda cha kuseri kwa khitchini chinanditsatira kuphiri, changosintha makoma.

Mwana wanga anasiya kulankhula panjira. Masiku oyamba ankandivutitsa: mwamwa madzi, valani chipewa, tsekani jekete. Tsopano ankangoyenda kumbuyo kwanga, mutu pansi. Ndinati wakhumudwa poona kuti nkhalamba sikugwa.

Madzulo ena kachipangizo katapana chala chake, Pafupi anakwinya nkhope.

"Mayi, nambala iyi sindikuikonda."

"Zala zazizira," anatero iye, n'kuziika m'khwapa.

"Mutu?"

"Ayi."

"Mseru?"

"Ayi."

Pafupi anasuzumira panja n'kuitana wophika. "Mayiwa akudya?"

"Mbale zonse zikubwera zoyera. Banja ili lindimalizira mpunga."

Pafupi anaseka n'kuika kachipangizo m'thumba. "Pamtunda uno nambala imatsika kwa aliyense. Wodya sadwala. Koma muzimwa madzi, mayi."

Ine ndinali pomwepo. Ndinamva zonse. Mutu wanga unali pa nyumba yanga, ndipo chimene ndinatolapo n'chakuti wophika wanena zabwino za mbale yanga.

Msasa womaliza uli pamwala wopendekeka, matenti amamangidwa ndi miyala chifukwa zikhomo sizilowa. Kuchokera pamenepo munthu amapita pansonga n'kubwerera tsiku lomwelo. Tinafika nkhungu itatseka zonse, mphepo ikuomba ngati ikufuna kusasula phiri. Pafupi anati palibe kunyamuka mpaka kutayera. Tinagona, tinadzuka, kunja kunali chimodzimodzi.

Tsiku limenelo tinalitha m'tenti imodzi, ine ndi mwana wanga, chifukwa tenti yodyera inagwetsedwa ndi mphepo. Tenti yake ndi yoti munthu sangaimirire. Nsalu inkandimenya kumaso, mpweya wathu unkaundana pamwamba n'kumatigwera ngati mchere. Kutuluka kunali kosatheka, kugona kunali kosatheka, kutembenuka unkagunda mnzako. Chimwalirire mayi ake sindinakhalepo pafupi chotero ndi mwana wanga. Tinalibe chokambirana. Ine ndinkayang'ana msoko wa tenti, kuona mmene anausokera molakwika. Iye anagona chafufumimba atandifulatira.

Cha kumasana mphepo inayamba kufooka. Phokoso la nsalu litachepa, ndinamva phokoso lina. Poyamba ndinayesa kuti wophika wateleka ketulo pafupi ndi tenti yathu. Kunali kubwata kwapansipansi, kwa madzi amene atsala pang'ono kuwira. Ndinatchera khutu. Kubwatako kunkachokera m'chifuwa cha mwana wanga.

Phokoso limenelo ndinalimvapo kale, m'chipinda changa, sabata imene mayi ake anatisiya.

"Iwe," ndinatero. "Tembenuka."

"Ndikugona, bambo."

"Tembenuka ndikuone."

Anatembenuka. Milomo yake inali yotuwa, yoderako ngati ya munthu amene wakhalitsa m'madzi. Anatsokomola, n'kubisa pakamwa ndi mpango. Ndinamulanda mpangowo. Unali wonyowa ndi thovu lofiirira.

Ndinene zoona, ganizo loyamba limene linandifikira linali lakuti ndi sewero. Kuti waona nsonga yayandikira, nkhalamba sinagwe, ndiye wapeza njira ina. Ndinayang'ana mpango uja kufuna kuona ngati wapakapo utoto wa pamilomo. Ndinaununkhiza. Mwana wanga anaona zimene ndinkachita.

"Mwaona?" anatero, akupuma pakati pa mawu. "N'chifukwa chake sindinanene."

"Chayamba liti?"

"Tsiku limene anatsika bwana uja. Chakudya chinasiya kulowa."

"Ndiye n'kumandikankhira ine?"

"Ndinamva nawo za mbale. Wophika salankhula motsitsa."

"Bwanji osamuuza Pafupi?"

"Wotsogolera watsala mmodzi, bambo. Ndikatsika ine, inunso mutsika. Ndiye mukanati chiyani? Mukanati ndachita dala. Mukanauza aliyense mpaka tsiku la imfa yanu kuti mwana wanga anandibera nyumba ndi chifuwa chabodza."

"Sindikanatero."

"Mwangonunkhiza mpango wanga."

Ndinauika pansi mpangowo. Iye anatseka maso.

"Mawa tikwere," anatero. "Mukagwire chikwangwani chanu cha pansongacho. Kapena mukalephere nokha, ndi miyendo yanu, ine ndilibemo. Ndatopa kukhala wakuba m'maso mwanu."

"Nanga zimene unkanong'onezana ndi Pafupi kuchipata zija?"

"Ndinamuuza kuti tiyi mumamwa wopanda mkaka. Ndi kuti asamakugwireni dzanja, mumadana nazo."

Ndinakwawa n'kutuluka m'tenti. Kunja nkhungu inali itang'ambika. Kwa nthawi yoyamba ndinaiona nsonga, yoyera mbee, ili pomwepa, ngati denga la nyumba yoyandikana nayo. Kanjira kankaoneka konse, kokhotakhota m'miyala mpaka pamwamba. Ndinayeza ndi diso la ntchito yanga. Miyendo inali nayo mphamvu, mutu sunkapweteka. Ndikanafika. Zimenezi ndikuzidziwa mpaka lero, ndipo palibe amene angandiuze zina.

Pafupi anakhala pamwala akumwa tiyi, onyamula katundu akuimikanso tenti yodyera.

"Kwayera, madala," anatero. "Mawa m'mamawa tinyamuka. Ulendo uno ndikati pafupi, ndi pafupi zenizeni."

Ndinakhala pambali pake. "Tandiuza. Munthu mmodzi atatopa, angatsale pamsasa pano mnzake n'kupita pansonga?"

"Wotopa angatsale. Wodwala satsala, amatsika nthawi yomweyo. Pano si pochirira."

"Amatsika ndi ndani?"

"Ndi ine."

"Mnzakeyo n'kukwera ndi mmodzi wa anyamata onyamulawa. Njira akuidziwa."

"Njira akuidziwa, koma saloledwa. Mlendo akagwa m'manja mwawo, ine ntchito yatha, iwo ndende. Onse amatsika." Anandiyang'ana m'mbali. "Mukudwala, madala?"

"Ine? Funsa mbale."

Anaseka. Ndinabwerera m'tenti.

Ndinakhala pakhomo pa tenti miyendo ili kunja, ndikuwerengera ngati munthu wogula malata. Usiku umodzi wokha. Mawa kukwera, kugwira chikwangwani, kutsika. Mwina chifuwacho chikanapirira. Iye mwini ndi amene anati tikwere, sindinamukakamize. Ndi wamkulu, ndi wophunzira, amadziwa za thupi lake kuposa ine. Ndinaganiza za chitseko changa, za mpando wanga wa pakhonde, za mtengo umene mkazi wanga anabzala pafupi ndi mpopi. Ndinaganiza za thanki ya madzi ndi khoma la mpanda, ndi mkamwini akugogoda kuti apongozi, magetsi muzizimitsa. Kumbuyo kwanga ketulo inkabwatabe.

Dzuwa lisanalowe wophika anabweretsa chakudya kutenti, mbale ziwiri, mpunga ndi nyemba ndi kanyama.

"Mudye mokwanira, mawa ndi tsiku lalikulu," anatero, n'kubwerera.

Mwana wanga anadzuka movutika n'kutsamira chikwama. Anatenga mbale yake n'kuipendeketsa pamwamba pa yanga monga mwa masiku onse. Ndinagwira m'mphepete mwa mbaleyo.

"Siya."

"Bambo, idyani."

"Ndati siya."

Tinakokerana. Analibe mphamvu ngakhale ya mwana wakhanda. Ndinamulanda mbale, ndinatuluka nayo chokwawa, nyemba zikutayikira pamkono. Pafupi anali pakhomo pa tenti ya wophika. Ndinaika mbaleyo pamwala patsogolo pake, yodzaza mmene inabwerera.

"Iyi ndi mbale ya mwana wanga," ndinatero. "Chitsikire bwana uja sanadye. Zonse zija ndinkadya ndine."

Pafupi anayang'ana mbale, anayang'ana ine. Kufatsa konse kuja kunachoka pankhope pake. Anathamangira kutenti, ndipo aka kanali koyamba kumuona akuthamanga. Anaika khutu pamsana pa mwana wanga, anaona mpango, anatuluka akuitana anyamata kuti abweretse machira ndi botolo la mpweya.

"Madala, inu ndinu munthu wamkulu," anatero akumanga zingwe, osandiyang'ana. "Masiku onsewa mukudya mbale ziwiri, simunadzifunse kuti mnzanuyo akukhalira chiyani?"

"Ndinkayesa akunditchera msampha."

"Msampha wa nyama ndi mazira?"

Wophika anaima ndi chikombe m'manja. "Ine ndimati banja lodya bwino," anatero motsitsa. Palibe anaseka.

Mwana wanga atamugoneka pamachira anachotsa chophimba cha mpweya pakamwa. "Sindinanene ine," anatero. "Mwanena nokha."

"Ndanena ndekha. Bwezera chinthucho pakamwa."

Tinatsika nthawi yomweyo, anyamata anayi atanyamula machira, akusinthana, Pafupi ali pambali dzanja lili paphewa la wodwala. Lamulo loyenda ngati pamaliro linatha, ankatsika chothamanga, ine ndikupunthwa m'miyala kumbuyo kwawo. Palibe anandifunsa ngati ndamwa madzi. Nsonga inali kumsana kwanga, yofiira ndi dzuwa lolowa. Sindinacheuke. Munthu sucheukira chinthu chimene wachilipira n'kuchisiya m'sitolo.

Kuchipatala anati tikanagona usiku wina pamwamba paja, tikanatsika ndi mtembo. Mkamwini anafika ndi ndodo yake, maso ali ofiira. Kwa masiku angapo sanandilankhule. Tsiku limene mkazi wake anayamba kukhala tsonga n'kumwa phala, anandipeza pabenchi panja pa wodi.

"Apongozi, pansonga simunafike."

"Ndikudziwa kumene ndinafika."

"Ndiye galimoto yonyamula katundu ndiitane liti?"

Mwana wanga anamva ali mkati. "Asiyeni," anatero. "Akanafika. Pafupi ananena yekha kuti akanafika. Bambo, khalani m'nyumba mwanu."

Ndinalowa n'kuima kumiyendo kwa bedi. Anali atawonda, khosi ngati la nkhuku. Ndinayang'ana nkhope yake kufuna kuona chimene chinali kuseri kwa mawuwo. Mwina chinali chisoni. Mwina inali ngongole, kuti ndakupatsani nyumba chifukwa munandipatsa moyo. Nyumba ya chisoni si nyumba, ndi malo ogona. Tsiku lililonse ndikanatsegula chitseko chija ndikudziwa kuti ndaloledwa, ndipo chololedwa chimalandidwa tsiku limene wololayo wasintha maganizo. Mkamwini akanadikira makwerero ena. Ndiponso panali mawu anga, amene ndinanena pamaso pa munthu woseka osaonetsa mano.

"Tinapangana za nsonga," ndinatero. "Sitinapangane za akanafika. Itanani galimotoyo."

"Bambo, musaume mutu."

"Mutu womwewu ndi umene unakutsitsa paphiri. Usiye mmene ulili."

Tsopano ndimakhala kuseri kwa khitchini. Bedi ndi labwino, bafa lili ndi madzi otentha. Zenera limatseguka theka lokha chifukwa limagunda chitsulo cha thanki. Denga lake anakhoma molakwika, misomali anaiika m'ngalande za malata m'malo mwa pamsana, ndipo mvula ikadzabwera yamphamvu lidzadontha pakona ya kumutu kwanga. Ndinamuuza mkamwini. Anati aitana munthu wodziwa. Makwerero a pano amakhala m'garaja yokiya, kiyi ali pa mulu wa makiyi a galimoto yake.

M'nyumba yanga muli banja la ana atatu. Ndinadutsako kamodzi pa minibasi. Mtengo wa pampopi anaudula, ati unkagwetsa masamba m'ngalande.

Mwana wanga anachira, anabwerera ku ntchito. Za phiri sitikambirana. Anthu akabwera kudzacheza, mkamwini amakonda kufotokoza nkhaniyi ngati nthabwala, kuti apongozi anadya mbale ziwiriziwiri mpaka kutsala pang'ono kudya ndi mwana yemwe. Alendo amaseka. Ine ndimaseka nawo pang'ono, kenako n'kupita kuchipinda kwanga.

Masana ndimadya ndekha. Mayi wantchito amandibweretsera chakudya pathireyi, n'kudzatenga mbale pambuyo pake. Ndi mayi waulemu, amagwada pang'ono poika thireyi. Sabata yatha ndinali kuseri kwa thanki ndikuwothera dzuwa, zenera la khitchini lili lotsegula, foni yake inalira. Ndinamva akumuyankha mwana wanga.

"Ee, mayi. Adya. Asiya pang'ono masamba, koma mpunga amaliza."

Kuyambira tsiku limenelo masambanso ndimamaliza. Madzulo timadyera patebulo limodzi tonse atatu. Mkamwini amalankhula za mpira. Mwana wanga amayang'ana mbale yanga, ine ndimayang'ana yake, ndipo palibe amadzuka mpaka zonse ziwiri zitayera.